Wapolisi ndi Namwino, Malenzi a Bambo Anga

Bambo anga ndi ojambula zithunzi, ndipo mumsewu wathu wonse palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Aliyense amangoti a Musagwedezeke. Ngakhale mayi, pamene anali moyo, akatopa nawo ankati, "Inu a Musagwedezeke, tagwedezekaniko, tiyi akuzizira." Dzinali linachokera pa mawu amene amanena akaima kumbuyo kwa kamera, koma linawakanirira chifukwa cha mtima wawo. Bambo anga akanena kanthu anena basi, olo muwagwadire.

Situdiyo yawo ili kuseri kwa sitolo ya mankhwala. Ukalowa pa kanjira ka pakati, khomo loyamba ndi langa, mmene ndimasokera anthu zovala, lachiwiri ndi lawo. Mkatimo muli zenera lalikulu kumanzere, mpando wozungulira umene umalira ukaukhalira, ndi chinsalu chojambulidwa masitepe okwera kumwamba amene sakafika kulikonse. Patsogolo pa masitepe amenewo paimapo akwati, ana asukulu, alonda ovala yunifolomu yatsopano, ndi bambo wina amene analowa ndi njinga yake yamoto n'kukana kutsikapo. Kumapeto kuli kachipinda kotsukira zithunzi, konunkha ngati viniga.

Ntchitoyi sanabadwe nayo. Poyamba anali kalipentala wokhoma mafelemu, ndipo amene ankawapatsa ntchito kawirikawiri anali wojambula wina wokalamba. Bambo akabweretsa mafelemu sankachoka osapezera zithunzi zifukwa. Uyu mwamudula phazi, uyu khosi lapendama, nanga mwanayu bwanji akuoneka ngati angomukwapula kumene? Mkuluyo atatopa anawapatsira kamera m'manja nati, "Pakamwa pajambula mokwanira, tsopano tione manja." Anaphunzira pomwepo, ndipo mkuluyo atasiya ntchito anawasiyira kamerayo pamodzi ndi lenzi yake, diso lagalasi lija amalowetsa kutsogolo kwa kamera. Lenzi yachiwiri anaipeza pambuyo pake posinthanitsa ndi njinga ya mayi, osawafunsa eni ake. Mayi anamwalira akuikambabe nkhani ya njingayo.

Malenzi awiriwa ndi akale onse, aakulu kuposa ine, ndipo kwa munthu wamba ndi ofanana ngati mapasa. Kusiyana kwake kumaoneka ukawatengera pazenera n'kuwapendeketsa pang'ono. Ya mkulu uja imangonyezimira moyera ngati tambula ya madzi. Ya njinga ija imaonetsa kamtundu kabuluu kosakanikirana ndi kofiirira, konga mafuta a galimoto akadonthera pachithaphwi. Kamtundu kameneko si litsiro ayi. Ndi kautoto kopyapyala kwambiri kamene anapaka kufakitale kuti kuwala kukalowa kuzingopita kumene kwatumidwa.

"Uyu sanavekedwe kanthu," ankatero bambo tili ana, atakweza yoyera ija. "Kuwala kukalowa mwa iyeyu kumayamba kaye kwacheza. Kugunda galasi ili, kubwerera ku galasi ilo, kenako kumwazikira paliponse. Ndiye mdima umachepa, makwinya amadzaza, munthu amatuluka ngati wagona tulo tabwino. Koma wovekedwayu sacheza ndi munthu. Chakuda n'chakuda, chipsera n'chipsera."

Mayina anawapatsa ndi mayi. Yosapakidwa ija anaitcha Namwino chifukwa imadziwa kubisa ululu. Yopakidwa ija anaitcha Wapolisi chifukwa imanena zonse zimene yaona, ndi zina zimene sunaifunse n'komwe.

Moyo wonse wa bambo anga wathera pa kusankha pakati pa awiriwa, ndipo amasankha ngati akuweruza mlandu. Kasitomala akalowa samufunsa zambiri. Amangoti, "Chithunzichi n'chopachika pakhoma kapena n'chopita ku ofesi?" Zopita ku ofesi, za timu ya mpira, za nyumba yatsopano, zonsezo ndi za Wapolisi, chifukwa mitundu imatuluka yamphamvu ndipo nambala ya pa jezi imawerengeka. Namwino ukamutuma ntchito zimenezo amabweretsa zotumbululuka ngati nsalu yochapidwa kambirimbiri. Koma pa ukwati zinthu zimatembenuka. Mkwatibwi wakuda bwino atavala diresi loyera mbee, Wapolisi amakutulutsira ulusi uliwonse wa diresilo, nkhope n'kungotsala mano ndi maso. Namwino ndiye amatapako kuwala kwa diresi n'kukuthirako pa masaya, mpaka apongozi amene ankadandaula amayamba kunena kuti mwana wawo anasankha bwino.

Ena amatsutsa. Mphunzitsi wina wopuma pa ntchito ataona bambo akutenga Namwino anamenya ndodo yake pansi. "Bwezani kameneko! Makwinya awa anandipatsa ndi ana a eni ake, limodzilimodzi. Ndikufuna aoneke onse." Bambo anamumvera, ndipo ndi kasitomala yekhayo amene ndikudziwa kuti anawasinthitsa maganizo.

Mafoni atabwera, ojambula anzawo anatseka mmodzimmodzi. Wina anayamba kugulitsa nsapato, wina anatsegula tchalitchi. Bambo sanasunthe. Anapitiriza ndi filimu ndi mabeseni awo, ife tikuwaseka kuti adzatsala okha ngati chitsa. Lero achinyamata ovala mathalauza ong'ambika dala amachokera kutali kudzafuna kankhungu kaja ka Namwino, kamene amati foni siitha kukatulutsa bwino. Bambo amangogwedeza mutu n'kunena kuti iwo anangokhala pomwepo mpaka fashoni inawapeza.

Kunyumba kwathu malenziwa anali ndi ntchito ina imene sinalembedwe pa chikwangwani. Tinabadwa atsikana atatu. Akulu anga atabweretsa mwamuna woyamba wofuna kuwakwatira, wamalonda wa nsapato zowala ndi pakamwa pa shuga, bambo sanamufunse kalikonse. Anangomukhazika pampando wolira uja, namuuza kuti aike manja pa mawondo, n'kulowetsa Wapolisi. Chithunzi chitatuluka, pa chala chake panaoneka kamzere koyererako, pamene panali mphete imene anaivula m'mawa womwewo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Munthuyo sitinamuonenso.

Wachiwiri amene akulu anga anabwera naye, amene ali alamu anga lero, anajambulidwa ndi Namwino. Mwamuna wanga, makaniko wa zala zakuda ndi oyilo, anajambulidwanso ndi Namwino, ndipo chithunzi chimenecho ndi umboni wokhawo woti anakhalapo wokongola. Kuyambira pamenepo lamulo linadziwika. Mwamuna akabwera kudzaonekera, osamvera zimene bambo akulankhula, koma kuyang'ana chimene chatuluka m'kabokosi. Namwino ndiye kuti takulandirani. Wapolisi ndiye kuti khomo ndi lomwe munalowera lija. Bambo sanavomerepo kuti lamuloli liliko. Ukawafunsa amati, "Ine ndimangoona kuwala kwa tsikulo."

Tsopano panatsala mng'ono wanga, amene tonse timangomuti Mzime poti ndiye wotsiriza kubadwa. Mayi atamwalira ndiye anatsala ndi bambo, kunyumba ndi kusitudiyo komwe. Anaphunzira kusakaniza mankhwala, kuyeza kuwala, kutsuka zithunzi, ndi kuseketsa makanda kuti asalire pampando. Ndi mtsikana wa phwete lapafupi, woti akaseka m'kachipinda kamdima ine ndimamumva makina anga akulira.

Mwamuna amene anamudya mtima anali wopukuta mawindo. Anakumana akupukuta a sitolo ya mankhwala ija, iye ali pamakwerero, Mzime akudutsa pansi ndi ndowa. Ife tinangomutcha Wamawindo. Ndi mnyamata wamtali, wofatsa, wa makutu oimirira, ndipo ali ndi nthenda imodzi yokha: sangaone galasi lakuda n'kulisiya. Kansalu sikachoka m'thumba lake lakumbuyo. Tsiku loyamba kubwera kwathu anapukuta wotchi yapakhoma asanakhale n'komwe pansi. Tikumwa tiyi anapempha magalasi a mwamuna wanga, amene anali kumaso kwa mwini wake, nawapukuta. Mwamuna wanga atawavalanso anandiyang'ana nati, "Aa, kodi unakalamba chonchi?" Sindinamukhululukirebe Wamawindo pa chimenecho, koma ndinamukonda.

Vuto linali loti anapeza ntchito ku mzinda wina wakutali, kumene kuli nyumba zosanja za magalasi okhaokha, ndipo ankafuna kukwatira Mzime n'kupita naye. Mzime anabwera kudzakhala pa mulu wa nsalu zanga, phwete lonse litauma.

"Akulu, ine ndikupita naye," anatero. "Koma akatulutsa Wapolisi ndipita ngati wakuba, ndipo m'situdiyo muja sindidzapondamonso. Ndikufuna ndichoke bambo atandilola."

"Nanga iyeyo wamuuza za malenziwo?"

"Ayi. Angachite mantha n'kuyamba kupukuta chilichonse."

Tikanadziwa, bwenzi titamuuza.

Tsikulo linali Loweruka m'mawa. Wamawindo anavala jekete la mwamuna wanga limene ndinalitalikitsa manja, koma linkaperewerabe. Bambo anamulandira ngati kasitomala wamba. "Fikani, bambo. Khalani apo, bambo. Chibwano m'mwamba pang'ono." Ine ndinaima pakhomo ndi tepi yanga m'khosi ngati ndikufuna kubwereka kanthu. Mzime ankakonza chinsalu cha masitepe chimene chinali chokonzakonza kale. Bambo anatsegula kabokosi, nazengereza pang'ono, kenako anatulutsa lenzi n'kuiika pa tebulo la pafupi ndi zenera. Dzuwa litaigunda inaphethira buluu.

Mzime anazindikira kuti ndi Wapolisi. Anangosiya chinsalu, nandidutsa pakhomo, n'kukalowa m'chipinda changa. Bambo anauza mlendo kuti adikire pang'ono, namulondola. Ine ndinalowa pambuyo pawo, ndinatseka chitseko, n'kuyamba kupalasa makina opanda nsalu kuti a sitolo ya mankhwala asamve za m'banja mwathu.

"Walakwa chiyani, bambo? Tandiuzani chimodzi chokha!"

"Ine sindinanene kuti walakwa. Lero kuli mitambo."

"Mitambo iti? Dzuwa likuswa mtengo kunjaku!"

"Munthu wogwira ntchito pa chingwe, m'mwamba ngati kangaude. Akadzagwa?"

"Alamu amagona pansi pa magalimoto tsiku lililonse, koma munawapatsa Namwino!"

Anakangana choncho nthawi ndithu, wina akulira, wina akunena za mitambo, ine miyendo ikuwawa ndi kupalasa. Palibe amene anakumbukira kuti tasiya munthu wa nthenda ija yekhayekha m'chipinda, pafupi ndi galasi looneka ngati lathimbirira mafuta.

Titabwerera tinamupeza ataima pazenera, jekete atavula, thukuta lili kamukamu, nkhope ikuwala ndi chimwemwe. Anawapatsira bambo lenziyo ndi manja awiri.

"Bambo, kagalasi kanu kaja kanali ndi mafuta. Kanavuta kwambiri, koma ndalimbana nako. Taonani tsopano."

Bambo analandira lenziyo naipendeketsa pa kuwala, uku ndi uku. Buluu uja kunalibe. Galasi linali loyera, lodzaza timizere tozungulira tosaoneka bwino, ngati pansi pa poto wokwechedwa ndi mchenga.

"Mwapukuta ndi chiyani, bambo?" anafunsa ndi mawu otsika.

Wamawindo anatulutsa kachitini m'thumba monyadira. "Ndi aka. Kamachotsa ngakhale zitosi za nkhunda zokhalitsa."

"Kachotsadi," anatero bambo.

Ine phwete linandikwera mpaka pakhosi, ndipo ndinaluma tepi kuti lisatuluke. Safunsa anadya phula, koma uyu anadya phula la eni ake. Mzime anamukokera pambali namunong'oneza zonse, za kautoto, za njinga ya mayi, za lamulo la malenzi. Ndinaona mnyamata wamtali uja akufupika pamaso panga. Anagwada pansi nayamba kupepesa, akuti akafunafuna ina kulikonse kumene ingapezeke.

"Kumene ankapanga amenewa anatseka inu musanabadwe," anatero bambo. Kenako analowetsa lenzi yomweyo ku kamera. "Valani jekete mukhale pampando. Ndinasankha ameneyu, ndipo sindisintha."

Anamujambula atakhala pampando wolira uja. Mzime anavula epuloni yake naipachika pa msomali, n'kunena kuti chithunzi chimenecho iye satsuka. Awiriwo anakakhala m'chipinda changa ngati anthu odikira chigamulo kukhoti.

Filimuyo bambo anaitsuka okha. Masana itauma, anasuzumira pakhomo panga. "Iwe, tabwera undigwirire." Ine m'kachipinda kamdima ndinali ndisanalowemo chikwatiwire. Anayatsa kababu kofiira, naika filimu m'makina okulitsira, chithunzi cha Wamawindo n'kugwera pa thabwa, choyera pakuda, chakuda poyera. Anapotoza kachitsulo kupita uku, kubwerera uku, ataweramira mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda thabwa.

"Taona apa," anatero. "Maso akewo athwa?"

"Sanathwe, bambo."

Anapotozanso. "Nanga apa?"

"Mwapitirira. Bwererani pang'ono."

Apo m'pamene ndinazindikira. Manja awo ankadziwa malo a chinthu chilichonse mumdimamo, botolo lililonse, beseni lililonse, koma maso anali atawathawa. Ndinakumbukira kuti zaka zaposachedwapa Mzime ndiye amasuzumira mu kamera poyamba, bambo n'kubwera pambuyo kudzangodina. Tonse tinkayesa kuti akumuphunzitsa. Mtima unandiwawa, ndipo ine mtima ukandiwawa pakamwa ndiye pamathwa.

"Ndiye mukumukanira munthu chifukwa cha chimenechi? Bambo, mwana si magalasi a maso woti muzimusunga m'thumba la malaya!"

Anaika pepala pathabwa, nayatsa makina akuwerenga chamumtima, n'kuzimitsa.

"Mnyamatayo alibe chifukwa," anatero kenako. "Ndinamuona kalekale akupukuta mawindo a kutsogoloku. Amafika ndi m'makona momwe, mmene mwini sitolo sayang'anamo. Vuto lake ndi limodzi, akufuna kunditengera maso. Amayi ako atapita ndinati bola ndatsala ndi kamodzi. Akapitanso ameneyu, ine ndi ndani muno?"

"Nanga ine ndine chiyani? Khoma? Si ndimakhala khomo lotsatira lomweli?"

"Iwe manja ako ndi a sizasi. Ungandidulire makasitomala mitu."

"Inunso munayamba ndi hamala," ndinatero. "Ndiphunzira. Ndipo sabata yamawa ndikukutengani kwa dokotala wa maso, mufune musafune. Ngati n'kukunyamulani, mwamuna wanga ali ndi jeke."

Anatulutsa kamawu kapamphuno kamene kwa bambo anga ndi kuseka. Kenako anamiza pepala m'beseni nandipatsa chopanira kuti ndizigwedeza pang'onopang'ono. Poyamba panalibe kanthu. Kenako panatulukira makutu, pambuyo pake jekete lopereweralo, pomaliza nkhope. Koma sichinali chithunzi cha Wapolisi amene tinkamudziwa. Pamapewa ndi pamutu pa Wamawindo panazungulira kachiwalo kofewa, ndipo maso ake amantha aja anatuluka ngati a mngelo wa pakalendala amene waswa mbale ya eni ake.

Bambo anachitsuka m'beseni lachiwiri ndi lachitatu, natuluka nacho chikudontha kupita pazenera. Anachiyandikiza kumaso, nachitalikitsa, nachiyandikizanso. Mapewa awo anayamba kugwedera. Ndinayesa akulira, koma kunali kuseka, chikhakhali chenicheni chimene sindinachimve chimwalirire mayi.

"Wandinyengerera mboni!" anatero akupukuta m'maso. "Mkatimu akadali wapolisi, magalasi amkati sanawakhudze. Koma wasanduka wapolisi wopuma pa ntchito, wongokhala pakhonde n'kumapatsa ana moni. Kawaitane."

Analowa atagwirana manja, koma ataona bambo anasiyana msanga. Bambo anawaonetsa chithunzicho. Mzime anachiyang'ana, nayang'ana mwini wake, milomo n'kuyamba kulimbana pakati pa kuseka ndi kulira.

"Ndinafuna kukukanani," bambo anauza Wamawindo. "Si chifukwa cha inu ayi, chifukwa chake akuchidziwa mlamu wanuyu, ndipo poti ndi wapakamwa akuuzani ndisanamalize n'komwe kutseka situdiyo. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Mutengeni. Koma chingwe chanu chija muzichimanga kawiri."

Wamawindo anafuna kugwadanso, bambo namugwira pamkono. Mzime anawakumbatira mwamphamvu mpaka chipewa chinagwa. Ine ndinayamba kale kuwerengera m'mutu nsalu ya diresi, ndikuganiza kuti nkhani yatha.

Koma bambo anapita pa kamera, nachotsa Wapolisi, n'kulowetsa Namwino. Kenako ananyamula mpando wolira uja kuuchotsa pa masitepe, nakauika patsogolo penipeni pa zenera, natembenuza kamera kuti iyang'ane komweko. Anakokera katani kumbali dzuwa lamasana n'kukhuthukira mkati. Atatero anakhala pampandopo iwo eni. Ine chibadwire sindinawaonepo bambo anga atakhala kutsogolo kwa kamera.

"Mzime, konza makinawo ubwere uime kumbuyo kwangaku."

Mzime anasuzumira mu kamera nadzutsa mutu. "Bambo, Namwino sayang'ana dzuwa. Mukatero chithunzi chikhala nkhungu yokhayokha, nkhope sizioneka."

"Ntchito yanga ndimaidziwa. Bwera."

Anabwera naima kumbuyo kwawo, n'kuika dzanja paphewa lawo. Bambo anakodola Wamawindo namulozera kabatani.

"Mwananga, udine apo. Apo pokha. China chilichonse m'chipinda muno usachikhudze."

Wamawindo anabisa dzanja lina kumbuyo, ndi linalo nadina mosamala ngati akukhudza diso la mwana.

Chithunzicho chinatuluka monga ananenera Mzime. Mumaoneka anthu awiri m'kuwala kochuluka, wina atakhala, wina ataima, dzanja lili paphewa. Nkhope sizidziwika bwino, ndipo aliyense wochiona amati bambo akumwetulira. Mzime anachikulunga m'thawulo n'kuchiika pakati pa zovala m'sutikesi, ndipo akuti kumene aliko chili pakhoma la pabalaza, galasi lake likupukutidwa m'mawa uliwonse.

Koma ine ndinali chapambali, pamene dzuwa silinkandithobwa m'maso. Ndinaona bambo atagwira zala za Mzime paphewa pawo, chibwano chili m'mwamba monga amauzira makasitomala, misozi ikutsika mwakachetechete mpaka kunyowetsa kolala. Sanaipukute kufikira mwana wawo atatembenuka kukachotsa filimu.